ULENDO WOONA MALO NDI KUGULA MALONDA PACHILUMBA CHA ZANZIBAR

Munthu wochokera ku Malawi amene afuna kukaona chilumba cha Zanzibar amatulukira pachipata cha Songwe m'boma la Karonga, nadzera ku Mbeya mpaka kukafika mumzinda wa Dar es Salaam. Njira imeneyi si yachilendo kwa amalonda a dziko lino, pakuti ndiyo amadzera popita kukapikula katundu kumsika wa Kariakoo. Komabe ambiri a iwo amabwerera pomwepo. Amene walimba mtima n'kukwera sitima yapamadzi padoko la mzindawo, pakangotha maola awiri amayamba kuona nsanja za mizikiti ndi matchalitchi, ndiponso nyumba zoyera zitandandalika m'mphepete mwa nyanja. Akangoponda pamtunda amapeza anthu akumudikira, aliyense akufuna kumuonetsa malo ndi kumuperekeza kogula zinthu. Nkhani ya lero ikufotokoza za maulendo amenewa: zimene mlendo amaonetsedwa, zimene amagulitsidwa, ndiponso amene amapindula ndi ndalama zake.

CHILUMBA NDI MPHEPO ZAKE

Zanzibar ndi dzina la zilumba zingapo za m'nyanja yamchere ya India, koma zikuluzikulu ndi ziwiri, Unguja ndi Pemba. Alendo akamati apita ku Zanzibar amanena Unguja, chilumba chotalika makilomita pafupifupi 85, chimene chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera kugombe la Tanzania. Kalembera wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti pazilumbazi pali anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo pafupifupi onsewo ndi Asilamu oyankhula Chiswahili. Zanzibar idalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi pa 10 Disembala 1963. Patangotha mwezi umodzi, pa 12 Januwale 1964, ufumu wa Sultan udagwetsedwa, ndipo pa 26 Epulo chaka chomwecho Zanzibar idaphatikizana ndi Tanganyika n'kupanga dziko la Tanzania. Ngakhale zili choncho, zilumbazi zili ndi pulezidenti wake ndi nyumba yake ya malamulo.

Asodzi a ku Nyanja ya Malawi amadziwa kusiyanitsa mpoto ndi mwera. A ku Zanzibar nawo ali ndi mphepo zawo ziwiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi kumaomba kaskazi wochokera kumpoto chakum'mawa, ndipo ndiye ankabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Kenaka mphepo imatembenuka, kusi n'kuyamba kuomba kuchokera kumwera, zombo zija n'kubwerera kwawo zitadzaza katundu. Amalinyerowo ankakhala pachilumbapo miyezi ingapo kudikira mphepo, ndipo ena ankakwatira konko. Chifukwa chake kamangidwe ka nyumba, kaphikidwe ndi chiyankhulo cha ku Zanzibar n'zosakanikirana: muli za Afirika, za Aluya ndi za Amwenye. Lero alendo ambiri amabwera pandege, ndipo m'chaka cha 2024 chiwerengero chawo chidapitirira 700,000. Nyengo imene amachepa ndi ya mvula yaikulu, kuyambira Malichi mpaka Meyi.

WOTSOGOLERA ALENDO NDANI?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mlendo wofika kumene sadziwa njira, sadziwa mitengo ya zinthu, kawirikawiri sadziwanso chiyankhulo. Apa ndiye pagona ntchito ya wotsogolera alendo. Otsogolera enieni ali ndi chiphaso cha boma. Ambiri adaphunzira mbiri ya chilumbacho, ndipo amayankhula Chingerezi, ena Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa. Ulendo umakonzedwa kudzera kuhotela kapena kukampani yoyendetsa alendo, ndipo mtengo umagwirizanidwa ulendowo usanayambe.

Palinso gulu lina la anyamata opanda ziphaso amene amaima padoko, m'misewu ndi pamchenga wa kugombe. Eni chilumba adawapatsa dzina lakuti papasi, ndiye kuti nkhupakupa, chifukwa akamamatira mlendo sachoka msanga. Si onse amene ali osakhulupirika; ambiri ndi achinyamata osowa ntchito amene akufuna chakudya cha tsiku limenelo. Koma mlendo wanzeru amafunsa mafunso atatu asanavomere: kodi chiphaso chilipo, kodi mtengowo ukuphatikiza ndalama zolowera pamalo onse, ndiponso kodi ulendowo utha nthawi yanji. Amene sanafunse zimenezi amadzadabwa akuuzidwa pakhomo lililonse kuti apisenso m'thumba.

M'TAUNI YA MIYALA

Ulendo woyamba umene pafupifupi mlendo aliyense amayenda ndi wapansi, wozungulira mbali yakale ya mzinda yotchedwa Stone Town, imene Aswahili amati Mji Mkongwe. Umatenga maola awiri kapena atatu. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2000. Nyumba zake zidamangidwa ndi miyala yochokera m'nyanja pamodzi ndi laimu, ndipo tinjira take n'topanikizika kotero kuti galimoto silingathe kudutsamo. Kupanikizikako kuli ndi phindu: nyumba zazitalizo zimachititsa mthunzi tsiku lonse m'dziko lotentha. Kunja kwa nyumba zambiri kuli makhonde a miyala otchedwa baraza, pamene abambo amakhala madzulo kumwa khofi ndi kukambirana nkhani.

Wotsogolera amaimitsa alendo pazitseko zosemedwa. Za Aluya zimakhala za ngodya zinayi ndipo zina zili ndi mawu a m'Korani pamwamba pake. Za Amwenye zimakhala zokhota pamwamba, zokhomedwa timikondo ta mkuwa. Akuti mwambo wa timikondoto udachokera ku India, kumene tinkatchinjiriza zipata kwa njovu za nkhondo. Ku Zanzibar kulibe njovu, kotero tidangosanduka chizindikiro cha chuma cha mwini nyumba.

Pafupi ndi nyanja pali linga lakale limene Aluya a ku Oman adamanga atapirikitsa Apwitikizi kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Pambali pake pali nyumba yotchedwa Beit al-Ajaib, kutanthauza Nyumba ya Zodabwitsa, imene Sultan Barghash adamanga m'chaka cha 1883. Ndiyo idali yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya nyumbayi idagwa pamene inkakonzedwa, ndipo ngoziyi idakumbutsa anthu kuti nyumba zimene zimakopa alendo n'zokalamba ndipo zimafuna ndalama zambiri kuti zisamalidwe. Pamalo omwewo ndi pamene zombo za Angerezi zidaombera nyumba yachifumu pa 27 Ogasiti 1896, pankhondo imene sidathe ngakhale ola limodzi.

PAMENE PADALI MSIKA WA AKAPOLO

Kwa mlendo wa ku Ulaya, tchalitchi chachikulu cha Anglican cha ku Mkunazini ndi malo amodzi mwa malo ambiri a pa ulendowo. Kwa mlendo wa ku Malawi si choncho, pakuti pamenepa pali mbiri ya makolo ake.

Cha m'ma 1840 mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, idasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kupita ku Zanzibar. Chuma cha ufumuwo chidatsamira pa zinthu zitatu: minyanga ya njovu, minda ya karafuu ndi akapolo. M'zaka zomwezo Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdullah adakhazikika ku Nkhotakota, nakhala Jumbe woyamba. Anthu ogwidwa m'midzi ankawolotsedwa nyanja pazombo, kenaka n'kuyenda pansi miyezi ingapo, magoli ali m'khosi, mpaka kukafika kudoko la Kilwa. Ochuluka ankafera m'njira. Otsalawo ankakwezedwa m'zombo zopita ku Zanzibar. David Livingstone, amene adafika ku Nkhotakota m'chaka cha 1861, adalemba kuti kazembe wa Angerezi ku Zanzibar adamuuza kuti akapolo okwana 19,000 ochokera m'dera la Nyanja ya Nyasa lokha ankadutsa paofesi ya msonkho pachilumbapo chaka ndi chaka.

Msikawo udatsekedwa mu Juni 1873, Sultan Barghash atakakamizidwa kusaina pangano ndi Angerezi. Amene adayendetsa zokambiranazo adali John Kirk, yemwe kale adayenda ndi Livingstone mumtsinje wa Shire, ndipo mapiri a Kirk Range a m'dziko lino adatchulidwa dzina lake. Pa Khirisimasi chaka chomwecho amishoni a UMCA adaika mwala wa maziko a tchalitchi pabwalo lenileni la msikawo. Ntchitoyo adaiyang'anira ndi Bishopu Edward Steere, amene manda ake ali kuseri kwa guwa. Otsogolera alendo amaloza pansi patsogolo pa guwalo, nanena kuti mpomwe padali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. M'tchalitchimo mulinso mtanda wosemedwa kuchokera kumtengo wa ku Chitambo m'dziko la Zambia, umene mtima wa Livingstone udakwiriridwa patsinde pake. Thupi lake lidanyamulidwa mpaka kugombe la Bagamoyo ndi gulu lotsogoleredwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao amene adaomboledwa kuukapolo ali mwana m'chaka cha 1861.

Amishoni omwewa ndiwo adayambira ku Magomero m'chaka cha 1861, nasamukira ku Zanzibar mu 1864, n'kudzabwereranso kunyanja kukakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885. Chotero tchalitchi cha St Peter cha ku Likoma ndi cha ku Mkunazini n'zapachibale.

Panja pa tchalitchi pali dzenje lokhala ndi zifanizo zisanu za anthu omangidwa unyolo m'khosi, zimene mmisiri wa ku Sweden, Clara Sörnäs, adapanga m'chaka cha 1998. Alendo amalowetsedwanso m'tizipinda tiwiri tapansi, tamdima ndi tosowa mpweya, nauzidwa kuti mudali mosungira akapolo. Apa mpofunika kusamala. Akatswiri ena a mbiri amakayika za tizipindato, ponena kuti nyumba imene tili pansi pake idamangidwa msika utatsekedwa kale. Nkhanza za pamsikawo n'zoona ndipo zidalembedwa ndi mboni zoona ndi maso, sizifuna kuonjezera. Wotsogolera wabwino amasiyanitsa zimene zili ndi umboni ndi zimene anthu amangosimba, ndipo mlendo sachita mwano akafunsa kuti, "Kodi zimenezi zidadziwika bwanji?"

KUMUNDA WA ZOKOMETSERA CHAKUDYA

Ulendo wachiwiri wotchuka ndi wopita kuminda ya ku Kizimbani ndi Kidichi, kunja pang'ono kwa mzinda. Kumeneko mlendo amazindikira kuti zinthu zimene amaziona m'timabotolo m'sitolo zili ndi mitengo yake. Wotsogolera amathyola tsamba, nalifikisa m'manja, n'kupatsa alendo kuti anunkhize ndi kulota dzina lake. Sinamoni ndi khungwa la mtengo. Tsabola wakuda ndi tizipatso ta chomera choyanga m'mitengo ina. Chikasu ndi jinja ndi mizu. Vanila ndi chomera chovuta, pakuti mlimi amayenera kukwatitsa maluwa ake ndi manja, duwa limodzilimodzi, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake uli wokwera.

Mfumu ya zonsezi ndi karafuu, amene Angerezi amati cloves. Ameneyu ndi mphukira ya duwa imene imathyoledwa isanamasule, n'kuyanikidwa pamphasa padzuwa masiku angapo kufikira itada ndi kuuma ngati kamsomali. Amakometsera mpunga ndi tiyi, mafuta ake amaziziritsa dzino lopweteka, ndipo ku Indonesia amamusakaniza ndi fodya. Mitengo yake idafika ku Zanzibar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene ankailima adali akapolo. Padali nthawi imene zilumbazi zinkatsogola pa dziko lonse lapansi pogulitsa karafuu, koma tsopano Indonesia ndiyo imakolola wochuluka. M'chaka cha 1872 namondwe adagwetsa mitengo yambiri pa Unguja, ndipo kuyambira pamenepo karafuu wambiri amachokera ku Pemba. Motero minda imene alendo amaonetsedwa ndi yachionetsero: mbewu zamitundumitundu zidabzalidwa pamodzi kuti zionedwe m'maola awiri.

Pakutha pa ulendowo mnyamata amakwera mtengo wa kokonati atamanga chingwe kumapazi, akuimba, ndipo anzake amalukira alendo zisoti ndi timadengu ta masamba. Anyamatawa kawirikawiri amadalira kangachepe kamene mlendo angawapatse, kotero ndi bwino kunyamula ndalama zing'onozing'ono.

MAULENDO ENA

Pali kachilumba kotchedwa Changuu kapena Prison Island, ulendo wa theka la ola pabwato. Ndende idamangidwapo m'chaka cha 1893 koma simudatsekeredwe akaidi. Idasanduka malo osungirako odwala matenda opatsirana. Chimene alendo amapitirako ndi afulu akuluakulu, amene oyamba adaperekedwa ngati mphatso kuchokera ku Seychelles mu 1919. M'nkhalango ya Jozani muli apusi ofiira pamsana amene kwawo ndi ku Zanzibar kokha. Ku Nungwi, kumpoto, amisiri akukhomabe zombo za matabwa ndi manja. Kugombe la kum'mawa, ku Paje ndi Jambiani, madzi a m'nyanja amaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, chinthu chimene munthu wozolowera Nyanja ya Malawi amadabwa nacho. Madziwo akaphwa, amayi amalowa kukasamalira minda yawo ya ndere zotchedwa mwani, zimene amagulitsa kunja kapena kupangira sopo.

KUGULA MALONDA

Palibe ulendo umene umatha popanda kuima pamalo ogulitsira zinthu. Msika waukulu ndi wa Darajani, womangidwa m'chaka cha 1904, kumene eni chilumba amagula nsomba, nyama, zipatso ndi zokometsera chakudya. Masitolo a alendo adandandalika mumsewu wa Gizenga ndi wa Kenyatta. Madzulo anthu amasonkhana pabwalo la Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, kudya nsomba zootcha ndi kumwa madzi a nzimbe.

Mlendo ayenera kudziwa chinthu chimodzi chimene sichinenedwa poyera. Nthawi zambiri wotsogolera kapena dalaivala akalowetsa alendo m'sitolo, mwini sitolo amamupatsa gawo lake pa zimene alendowo agula, ndipo gawo limenelo limakhala litabisika kale mumtengo. Mchitidwewu suli ku Zanzibar kokha, ndiponso si kuba. Koma ndiwo umafotokoza chifukwa chimene wotsogolera amayamikira sitolo imodzi nanyoza ina, ndi chifukwa chimene nsalu yomweyo imatsika mtengo mlendo akabwerera yekha mawa lake. Wodziwa amaona kaye tsiku loyamba, nagula tsiku lachiwiri.

Kunenerera mtengo ndi mwambo wovomerezeka, monga momwe zilili pamsika wa Lizulu kapena wa Limbe. Wogulitsa amayamba ndi mtengo wapamwamba, wogula amatchula wake, ndipo amakumana pakati. Malonda amayamba ndi moni. Wolowa m'sitolo osapereka moni wadziikira yekha mtengo wokwera. Munthu akatchula mtengo wake ndipo wogulitsa wavomera, kuchoka osagula ndi chipongwe. Kunenerera mopitirira muyeso kwa mayi amene waluka dengu sabata yathunthu nakonso si nzeru, pakuti ndalama imene mlendo wapulumutsayo ndi ndiwo za ana ake. Masitolo ena ali ndi mitengo yolembedwa, ndipo kumeneko sanenerera.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Si zonse zogulitsidwa ku Zanzibar zimene zidapangidwa konko. Zithunzi zowala za mtundu wa Tingatinga zidayambira ku Dar es Salaam, kwa Edward Saidi Tingatinga amene adamwalira mu 1972. Ziboliboli za Amakonde kwawo ndi kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mwala wamtengo wapatali wa tanzanite umakumbidwa ku Mererani pafupi ndi Arusha, ndipo wogula popanda chikalata chotsimikizira akhoza kupita kwawo ndi galasi. Zinthu zina zotchipa zimachokera m'mafakitale a kunja. Zimene zili za pachilumbapo ndi zokometsera chakudya, sopo wa ndere ndi wa karafuu, mikeka ndi madengu, ndiponso mabokosi osemedwa okhomedwa mkuwa. Zokometsera n'kwabwino kuzigula zathunthu, zosasinja, chifukwa ufa ndi wosavuta kusakaniza ndi zina. Nsalu ya kanga, imene amayi a kumeneko amavala ziwiriziwiri, ili ndi mawu a Chiswahili olembedwa m'munsi mwake. Mawu ena ndi madalitso, ena ndi zining'a zonyoza mkazi mnzake. Wogulira apongozi ake mphatso afunse kaye tanthauzo.

Pali zinthu zina zosayenera kugula ngakhale zitatchipa motani: minyanga ya njovu, zigoba za akamba a m'nyanja ndi miyala yamoyo ya pansi pa nyanja. Malonda a minyanga pakati pa maiko adaletsedwa m'chaka cha 1989 pansi pa pangano la CITES, ndipo wopezeka nazo pachipata amalandidwa, mwinanso kumangidwa. Zitseko zakale nazo n'zofunika kuzisiya pamene zili, chifukwa zambiri zidazulidwa kale n'kugulitsidwa kunja.

NDALAMA ZA MLENDO ZIMATHERA KUTI?

Ntchito yokopa alendo ndiyo imabweretsa ndalama zakunja zochuluka ku Zanzibar masiku ano, kuposa karafuu. Koma si ndalama zonse zimene zimatsala pachilumbapo. Mlendo amene adalipiriratu zonse kwawo, nagona ndi kudya m'hotela ya eni ake akunja, n'kungotuluka kamodzi pabasi ya kampani, amasiya zochepa m'manja mwa anthu wamba. M'midzi ina ya kugombe anthu amadandaula kuti mahotela atenga malo okocheza mabwato ndipo amagwiritsa ntchito madzi ambiri pamene zitsime za m'mudzi zikuchepa madzi. Mlendo amene walemba ntchito wotsogolera wa komweko, nadya chakudya cha komweko, nagula kwa mmisiri amene wapanga chinthucho, ndiye amathandiza kuti eni chilumba asamangoonerera chuma chikudutsa pakhomo pawo.

Ulemu nawo uli m'gulu la malipiro. Zovala zosambira zimathera pamchenga. M'tauni ndi m'midzi mlendo amaphimba mapewa ndi mawondo. M'mwezi wa Ramadani sadya kapena kusuta poyera masana. Sajambula munthu asanapemphe. Pa za malamulo, wopita kumeneko afunsiretu za inshuwalansi imene boma la Zanzibar lidalamula kuti alendo akunja azigula kuyambira pa 1 Okutobala 2024, ndipo asanyamule majumbo apulasitiki, pakuti ndi oletsedwa m'dziko lonse la Tanzania kuyambira mu Juni 2019.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku atatu kapena anayi akatha, Mmalawi uja amakweranso sitima kubwerera ku Dar es Salaam, m'chikwama muli karafuu wa mutiyi ndi kanga ya amayi kunyumba. Zaka 160 zapitazo anthu a ku Nkhotakota, Dedza ndi Mangochi ankafika pachilumba chomwechi ali malonda, ndipo ogula ankawayang'ana mano asanatchule mtengo. Zidzukulu za ena mwa iwo zili konko mpaka lero, zikuyankhula Chiswahili, ndipo n'kutheka kuti mayi wogulitsa sopo kapena mnyamata wokwera kokonati uja ndi mmodzi wa izo. N'chifukwa chake Mmalawi woima pamsika wa Darajani ali ndi chifukwa choposa cha alendo ena onse choperekera moni asanafunse mtengo.